Pa Sapitwa sitikwera, timakwezedwa

Ife amuna a m'tauni, amene mimba zimayamba kulowa m'nyumba eniakefe tikadali pakhonde, tagwidwa matenda atsopano: kupita ku Mulanje, kukajambulitsa pa Sapitwa, kenaka n'kudzaza Facebook ndi mawu akuti tagonjetsa phiri. Ine monga wapampando wa gululi, ngakhale palibe anandisankha, ndikuti abale tisiye bodza. Phiri lija sitikwera ayi, timachita kukwezedwa.

Umboni ulipo. Sapitwa ndi wamtali mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibe nsonga ina yomuposa. Ambiri amanyamukira ku Likhubula, tsiku lonse ali chikwerekwere mpaka kukagona ku kanyumba ka Chisepo, ndipo mavuto enieni amayamba kukacha. Kumtundako kulibe chimene munthu wanzeru zake angachitche njira. Kuli matanthwe oterera, mipata yothina yoti udutse chokwawa, ndi timadontho ta penti yofiira pamiyala tosonyeza kolowera. Chiperoni chikangoti chafika, nkhungu imameza timadontho tonse tija. Tsono munthu ngati ine, wosochera mumsika wa Limbe dzuwa likuswa mtengo, ndingalondole penti m'nkhungu? Wodziwa njira ndi mnyamata wotsogolera. Chikwama chathu, chodzaza ndi mabisiketi, majuzi atatu ndi mafuta onunkhira amene sitikawagwiritsa ntchito, chili pamsana pa mnzake, amene akudumpha miyala atavala patapata. Chathu chonyamula n'chimodzi, botolo la madzi, nalonso tikafika potsetsereka timampatsira.

Wina ati, koma miyendo yoyendayo ndi yathu. Zoona, ndi yathu, monganso kudandaula ndi kufunsa mphindi iliyonse kuti kwatsala patali bwanji. Chaka ndi chaka anyamata ndi atsikana akumeneko amapikisana pa Porters Race, kukwera phiri n'kutsika chothamanga m'maola owerengeka, ena mapazi ali pansi. Amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu amatipatsa moni mwaulemu, ife n'kungogwedeza mutu ngati mbuzi yomangidwa pa kabaza, poti mpweya woyankhira tinausiya kumunsi.

Palinso anzathu ophunzira amene amati wotsogolera n'kuwononga ndalama, foni ili ndi mapu. Apa ndiye nthabwala ziyambe zaima. Mu 2003 mlendo wa ku Netherlands anapita yekha ku Sapitwa ndipo sanapezekenso. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anapitiriza ulendo wopanda womutsogolera, ndipo anakamupeza atamwalira patapita masabata. Akuluakulu a ku Mulanje amati kumtundako n'kwa mizimu, a zanyengo amati ndi nkhungu ndi chisanu. Ine sindilowerera mlandu umenewo. Onsewo akugwirizana kuti wekha usapiteko. Foni nayo ikazizidwa imathima msanga kuposa mwini wake.

Chondichititsa manyazi n'chakuti ife omwewo, amene timagulira anzathu mowa osawerenga chenji, tikafika ku Likhubula timasanduka akatswiri onenerera mtengo. Munthu akakusenzera katundu masiku atatu, akukukoka dzanja pathanthwe, iwe n'kumalimbana naye kuti achotseko kangachepe! Mukapita kumeneko, tengani wotsogolera ndi wonyamula katundu, muwalipire osanenerera, ndipo potsika muwonjezepo ya sopo.