Ndimafuna Mambas, ndinapeza FUN_00401000

Kabaraka kanga ka magemu ku Mandimba kali ndi makompyuta atatu otopa, ndipo ana akaweruka kusukulu safuna china koma Pro Evolution Soccer 6, gemu ya Konami ya 2006 imene inatuluka ambiri a iwo asanabadwe. Dandaulo lawo linali limodzi: Angola ilimo, Togo ilimo, koma Mambas, timu ya dziko lathu, mulibe. Ine, poti ndinakonzapo printa ya munthu wina pa Chiponde n'kuyamba kudziona ngati katswiri, ndinawalonjeza mokweza, mayi wogulitsa mandasi pakhomo akumva, kuti ndiiphwasula gemuyo, ndione m'mene eni ake anailembera, ndiikemo Mambas ndi Ferroviário de Lichinga yomwe. Za decompile ndinali nditangozionera pa YouTube dzulo lake, vidiyoyo osaimaliza n'komwe chifukwa mamega anathera panjira.

Nzeru yanga yoyamba inali yosintha dzina la pes6.exe kukhala pes6.txt n'kuitsegula mu Notepad. Pamwamba panatuluka MZ, kenako chiganizo chachingerezi chonena kuti pulogalamuyi singayende mu DOS mode, ndipo nditaona kuti ndikutha kuwerenga ndinaitana ana kuti adzaone source code. Pansi pake panali tizilembo ta mabokosi ndi timichira tokhatokha mpaka kumapeto, koma m'malo mochita mantha ndinafufuta mzere umodzi umene sunkandisangalatsa maonekedwe ake, n'kudina Save, n'kubwezera dzina lija, gemu n'kukana kutseguka, backup ndilibe, ana khumi n'kuunjikana pa makompyuta awiri otsalawo akundiyang'ana chammbali.

Ndiye ndinamva za Ghidra, pulogalamu imene bungwe la NSA la ku America linaitulutsa kwaulere mu 2019. Ndinati eya, ngati akazitape amagwiritsa ntchito imeneyi, mpira wa ana ungandivute? Ndinaikoka usiku, inaduka, ndinayambiranso, itatha inandiuza kuti ikufuna Java, Java nayo inafuna mamega ake, ndipo zonse zitakwana kompyuta yanga inangouma gwaa ngakhale mouse osasuntha. Ndinakwera chapa kupita ku Massangulo, m'boma la Ngauma, kwa msuweni wanga wophunzitsa amene ali ndi laputopu yabwinoko. Iye ali m'kalasi ndinapeza kuti malo ndi ochepa, ndiye ndinachotsamo mafoda angapo amene ndinaona ngati alibe ntchito, n'kukhuthula Recycle Bin ngati munthu waukhondo.

Ghidra inagaya fayiloyo masana onse, fani ikulira, laputopu ikuotcha ntchafu. Itamaliza inandionetsa chinthu chofanana ndithu ndi chilankhulo cha C, mtima wanga n'kuti myaa. Koma ndinkayembekeza kuona mawu ngati goal, referee, Angola. Ndinaona FUN_00401000 ndi abale ake zikwizikwi, iVar1, uVar2, local_10, undefined4, aliyense akuitana mnzake amene akuitananso wina, ndipo nditatsatira mmodzi kwa ola lathunthu ndinapezeka ndabwerera pomwe ndinayambira. Kuti ndisachite manyazi ndinasankha function imodzi yaitali n'kuitcha "chigoli", popanda umboni uliwonse, kungoti inkaoneka yofunika. Mkati mwake ndinasintha JZ kukhala JNZ monga anachitira mzungu wa mu vidiyo ija, ngakhale iye ankasintha gemu ina. Nditabwerera ku Mandimba ndinaika fayilo yatsopanoyo pa kompyuta yachiwiri, pamwamba pa yabwinobwino. Sikirini inada, kenako gemu inadzitseka yokha mwaulemu. Inatsala kompyuta imodzi.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinaganiza kuti vuto ndi netiweki ya kwathu, ndinatenga flashi n'kulowera ku Cuamba. Kumeneko, pa malo ojambulira mafotokope pafupi ndi siteshoni ya sitima, mnyamata wina wophunzira za makompyuta anamvetsera nkhani yanga yonse osaseka, zimene zinandipweteka kuposa akanaseka. Anati: "Achimwene, mukufuna kubweza nsima kuti ikhalenso chimanga." Compiler ikamasandutsa zimene munthu walemba kukhala exe imataya maina a zinthu, ndemanga za wolemba ndi magawidwe a mafayilo, chifukwa makina safuna zimenezo, amangofuna malamulo ndi maadiresi. Decompiler imangoyerekeza mwina munali chonchi, maina muyenera kuwapeza nokha pofufuza chimene function iliyonse ikuchita.

Ndinafunsa, ndi kaulemu kamene kanali katatsala, ngati alipo amene anakwanitsa. Alipo. Super Mario 64 ya 1996 anthu anailembanso mu C n'kuitulutsa mu 2019, molondola moti ukaikompaila imatuluka yofanana ndi yoyambirira baiti ndi baiti. Gulu lina linamaliza The Legend of Zelda: Ocarina of Time mu 2021. Koma awa anali magulu a anthu odziwa assembly, ogwira ntchito zaka, osati mwini baraka wa vidiyo yatheka. Anandiuzanso kuti amene anachita zomwezo ndi GTA III ndi Vice City anasumiridwa kukhoti ndi kampani ya Take-Two mu 2021, ine n'kuigwira flashi ija m'thumba ngati ingalire.

Chopweteka kwambiri anachisungira kumapeto. Maina a osewera ndi mayunifomu a PES 6 sakhala mu exe n'komwe. Amakhala mu option file ndi m'mafayilo a AFS mu foda yotchedwa dat, ndipo gemuyo ili ndi Edit mode pa menyu penipeni, pamene ndinkadutsa tsiku lililonse.

Pofika kunyumba ndinapeza mwana wa mlongo wanga wa zaka 12 atasintha kale timu ina kukhala Mambas pa kompyuta yotsala ija, malaya ofiira, maina olembedwa bwino. "Amalume, mukanangonena kuti mukufuna izi," anatero osatembenuka. Ndili mkati mofufuza yankho lachikulu, foni inalira. Anali msuweni wa ku Massangulo, mawu ali pansipansi, akufunsa ngati ndinaonako foda yolembedwa Provas, chifukwa ana ake akulemba Lolemba.