Mlendo wa pa Songani

Magetsi a ESCOM ali ngati mlendo wamanyazi: akafika pa Songani ana amakuwa kuti "Ayaka!", koma nsima isanapse iye watsanzika kale. Chodabwitsa n'chakuti mlendoyu akamasowa m'pamene mtengo wake umakwera. Mu 2023 bungwe la MERA lidaloleza kuti magetsi akwere ndi 18 peresenti, n'kunenetsa kuti kukweraku n'koyamba chabe.

Akuluakulu amati ESCOM yamira m'ngongole, ndipo ikamagulitsa motchipa magetsi amene imachita kugula kwa EGENCO, mawaya ndi matransifoma idzagula ndi chiyani? Mfundoyo njomveka, ndiponso namondwe Ana amene adagumula damu la magetsi la Kapichira mu 2022 sadatumidwe ndi nduna iliyonse. Komatu taonani amene akubweza ngongoleyo. Ndi wachigayo wogula mayunitsi ndalama patsogolo, kenaka n'kuswera pakhonde akuyang'ana mitanga ya chimanga itandandalika. Ndi wometa amene wasiya kasitomala mutu theka. Pamenepo maofesi ena aboma akhala zaka zambiri osalipira mabilu awo, ESCOM ikungowanyengerera. Yambani mwatolera kumeneko, bwana. Pakadali pano amene akusimba lokoma ndi wamakala wotsika m'phiri la Malosa, poti moto wake sudikira chilolezo cha MERA.