Ku Ndirande wailesi siifa, imangokomoka

Pamsika wa Ndirande, kumene amuna amaunjikana pa mawaya ndi zitsulo zakale, palibe chinthu chakufa. Wailesi ilibe chivundikiro, mphemvu zaberekana m'kati mpaka zidzukulu, koma mwini wake amaipukuta ndi malaya n'kunena kuti, "Iyi ndi yamoyo, akulu. Yangofuna kafyuzi basi." Kafyuziko musakafunse komwe kali, chifukwa akuuzani kuti mubwere mawa.

Mukati tayatsani timve, amayang'ana kumwamba: magetsi angozima kumene. Akakhala kuti alipo, ndiye kuti soketi wabwereka mnyamata wometa uja. Chimene chimayesedwa inu mukuona ndi batire ya foni yokha, ndipo choyesera chake ndi lilime. Mudzaona bambo wa taye, woti kuofesi amamudzukira, akunyambita batire ya Nokia, maso ali tsinzini, kenako n'kugwedeza mutu. "Moto ulimo."

Komwe katundu wachokera safunsa, n'kupanda ulemu. Zonse ndi za ku Joni. Ngakhale wailesi ya Nzeru, imene inkapangidwa mu Blantyre momwemuno, mumva kuti yatsika basi dzulo kuchokera ku Johannesburg.

Koma kokoma n'kusinthana. Wina wabwera ndi rimoti yothothoka mabatani awiri, mnzake ali ndi chaja ya pini yaing'ono, ya foni zimene ana a lero sanazionepo. Amakambirana ngati ankhoswe, mawu otsitsa, wina aliyense akunyoza katundu wa mnzake mwaulemu.

"Onjezanipo kenakake, achimwene."

"Ndionjeze chiyani? Rimoti imeneyi ndi orijino."

"Nanga mabataniwa?"

"Amenewo ndi a voliyumu. Mumangoimirira n'kukakweza pa TV pomwepo."

Mapeto ake amaonjeza hedifoni yolira khutu limodzi, n'kugwirana chanza. Onse awiri amachoka akuseka chamumtima kuti amupusitsa mnzawo. Loweruka linalo rimoti ija muipeza yabwerera kwa mwini wake woyamba, mtengo utakwera.

Alipo ndithu anyamata amene manja awo amadziwa ntchito. Amaphwasula batire ya laputopu yakufa, n'kusankhamo maselo amoyo, madzulo nyumba yawala. Vuto ndi enafe, amene timangotuta. Kunsi kwa bedi kwadzaza ma DVD osatseguka, sipika zobooka ndi mawaya opotana, zonse zikudikira kafyuzi.

Mayi akunyumba akafunsa kuti zinyalalazi zichoka liti, yankho limakhala lokonzeka kale: "Si zinyalala izi, amayi a mwana. William Kamkwamba anayamba chonchi." N'zoonadi, mnyamata uja ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anatola zitsulo zotayidwa, n'kuphatikiza ndi dayinamo ya njinga, mphepo n'kumupatsa magetsi.

Mayi amangopitiriza kusesa. "Koma uja babu lake linayaka."

Abambo anzanga, mukamapita kumsika Loweruka lino, tengani ziwiri kunsi kwa bedi, mubwereko ndi chimodzi.