Achimwene, firiji ija siyibwera

Faerie Glen, Pretoria

Okondedwa Achimwene,

Ine kuno ndili bwino, kungoti jakaranda wayamba kuyoyola maluwa. Ndikusesa m'mawa, ndikusesanso masana, bwana ali pakhonde kujambula mtengo womwewo ati ndi wokongola.

Chithunzi cha ampu ya besi chija munatumiza pa WhatsApp ndinachiona, ndipo ndayamikira kuti diso muli nalo. Mwasankha Ampeg SVT, yomwe inatuluka mu 1969 ndi mphamvu ya mawati 300. Mutu wake wokha umalemera makilogalamu oposa 35, ndipo bokosi lapansi pake lili ndi masipika 8, moti oimba a ku America eni ake amalitcha firiji. Ndinamuonetsa mnyamata uja amatinyamulira katundu wopita kumudzi. Anawerengera pafoni, nandiuza mtengo, kenaka n'kundifunsa ngati ndikufuna madzi akumwa. Komanso mkati mwa ampuyo muli mababu agalasi ngati a m'mawailesi akale. Tangoganizani ulendo wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, chinthucho chili m'ngolo pansi pa njinga ndi matumba a anthu ena. Ku Balaka mukanalandira mabotolo osweka a mtengo wapatali.

Ndiye ndakugulirani kabokosi kopondaponda ndi phazi, kotchedwa pedal, kokwana m'chikwama cha mwana wa sukulu. Musakwiye kaye, werengani mpaka kumapeto.

Mukumukumbukira mnyamata uja kwathu ankatha kuyankhula ngati amfumu, kenaka ngati abusa, kenaka ngati agogo akamakalipira mbuzi? Kabokosika ntchito yake ndi yomweyo. Muli kakompyuta kamene kanaphunzira mawu a maampu otchuka. Mukaponda apa besi yanu ikulira ngati yadutsa mu SVT ija, mukaponda apo ikumveka ngati ili pa ampu ina, yofewa, ya nyimbo za chopereka. Koma mumvetsetse bwino, pakuti ndikukudziwani: iko pakokha sikafuula. Kamangokonza mawu, kukuza n'kwa masipika. Mukakaika pakati pa tchalitchi n'kumadikira kuti malata anjenjemere, mudzadikira mpaka pemphero lotsekera.

Kusankha sikunali kophweka. Ndinalowa m'sitolo ina ya zoimbira chakuno kummawa kwa Pretoria nditavala jekete la Lamulungu, poopa kuti angandiyese ndabwera kudzafunsa ganyu. Wogulitsa, mnyamata wa ndolo pamphuno, anandifunsa kuti mwini wakeyo amaimba nyimbo zanji. Ndinati zauzimu za ku Balaka, zokhala ngati rege koma zobatizidwa. Ndinamutchulira Alleluya Band, ndinamutchulira Paul Banda ndi malemu Lucius Banda. Anagwedeza mutu mwaulemu, kugwedeza kwa munthu amene sakudziwa chilichonse, n'kutulutsa mabokosi atatu.

Loyamba linali Line 6 HX Stomp. Achimwene, chimenecho ndi chida. Mawu ake oyera, maampu ambirimbiri, timagetsi tamitundumitundu. Nditaona mtengo ndinalibweza ndi manja awiri, chifukwa ndi malipiro anga a miyezi ingapo osadya. Komanso silidya mabatire, limafuna magetsi a pakhoma, ndipo inu ndi ine tikudziwa kuti magetsi amadikira kwaya iyime kutsogolo kuti azime. Musaseke, ngakhale kuno ku Joni nyengo zina amazima motsatira ndandanda.

Lachiwiri linali SansAmp Bass Driver DI ya kampani ya Tech 21 ya ku America. Ili ndinalikonda. Mulibe kompyuta, ndi timabatani topotokola basi, bokosi lake lachitsulo loti ngakhale adikoni ataliponda mwangozi lingapirire. Limayenda ndi batire imodzi ya 9V, ndipo lili ndi khomo la chingwe cha mapini atatu chija timalumikizira maikolofoni, ndiye limalowa mumikisa mwachindunji. Oimba ambiri akuluakulu amayenda nalo. Vuto lake n'lakuti lilibe chochunira gitala. Apa ndinakumbukira ukwati wa msuweni wathu, pamene inu munaimba nyimbo yonse muli kwanu, wa kiyibodi ali kwawo, akwati n'kumavina mosadziwa atsate ndani. Ndinalibweza pa chifukwa cha banja.

Ndatenga lachitatu, Zoom B1 Four, la kampani ya ku Japan. Ndi lapulasitiki, ndipo wa ndolo uja anapinda mlomo pang'ono. Koma tamvani. Limayenda ndi mabatire anayi a AA, omwe aja a m'rimoti zikuluzikulu ndi matochi, opezeka pa okala iliyonse. Mabatire akatha mukhoza kulumikiza power bank ya foni. Chochunira chilimo, chonde muzichigwiritsa ntchito. Mulinso ng'oma zoimba zokha, ndiye wa ng'oma wanu uja akachedwa ku pulakatisi muzingoyamba, akafika apeze ntchito yake ikuyenda. Mukhozanso kulumikiza foni n'kumaphunzira nyimbo pa mahedifoni.

Za mahedifonizi ndi zimene zandipulumutsa poliyesa. Kuno ku Faerie Glen phokoso saloleza. Mukangokweza wailesi pang'ono, uthenga wafika kale pa gulu la WhatsApp la anthu a mumsewu uno, bwana akugogoda pachitseko cha kachipinda kanga. Zololedwa kusokosa ndi mbalame zina zamilomo yaitali zotchedwa hadeda, zomwe zimakuwa m'bandakucha ngati zaona mfiti, koma palibe amazidandaula. Anthu ake ndi odabwitsa. Pafupi pompano pali nkhalango yotetezedwa, muli mbidzi ndi kamtsinje ka Moreleta, ndipo Loweruka amalipira ndalama pageti kuti akakwere phiri n'kutsikanso, osatola ngakhale nkhuni imodzi. Ndiye ine usiku ndavala mahedifoni, SVT ikugunda m'makutu mwanga mokha, galu wa bwana ali pakhomo kundiyang'ana ndikugwedezeka m'chete.

Tsopano malangizo. Adaputala yake ndi ya 9V, ndipo ili ndi mawayilidwe akeake. Musatenge ya dekoda kapena ya kiyibodi n'kunena kuti bola yalowa. Ikalowa utsi utuluka, ndipo ine ndidzakhala ndilibe netiweki. Chachiwiri, mkati muli gawo lotsanzira bokosi la masipika. Mukalumikiza kumikisa ya tchalitchi muliyatse, koma mukabwereka ampu yeniyeni ya besi mulizimitse, apo ayi mawu amatuluka ofunda, osamveka bwino. Chachitatu, khomo la mapini atatu lija ili lilibe, ndiye ndaikamo kabokosi kena kakang'ono kotchedwa DI kuti chingwe chikatalika pasamamveke kulira kwa njuchi. Chachinayi, masipika a patchalitchi panu anagulidwa ndi ndalama za Paper Sunday, ndi olalikirira. Mukatsegula besi yonse adzang'ambika, ndipo mlandu wake udzakambidwa ndi akulu a mpingo, dzina langa likutchulidwa.

Mudzapezamo mawu ena achilendo, ena ngati chule, ena ngati ndege ikunyamuka. Amenewo muziseweretsa kunyumba. Alick Macheso, yemwe bambo ake anachokera kwathu ku Malawi ngakhale anabadwira ku Zimbabwe, anthu amamudziwa ndi zala zake pa besi. Anyamata a Madalitso Band afika mpaka ku Ulaya ndi babatoni wa chingwe chimodzi. Inu muli ndi zingwe zinayi ndi maampu a ku America m'thumba, ndiye sindikufuna kumva zodandaula.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani mumtima. Munauza kale anthu kuti mng'ono wanu akutumiza ampu, ndipo katundu wa ku Joni kumudzi amamuyeza ndi maso akamatsika m'galimoto. Zimenezo ndakonza. Kabokosika ndakakulunga m'bulangete la mayi, ndaika m'katoni yaikulu ya makina ochapira yomwe bwana anataya, m'mbali ndadzazamo mapoto a alamu. Mukalandire ndi anyamata awiri, munyamule mobuula, ndipo mukatsegulire m'nyumba mutatseka chitseko.

Ndalama ya malata ndituma pa Mukuru mwezi ukatha. Imeneyo ndi ya malata, osati ya zingwe zatsopano.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni