Ndinalipira kuti ndigone pansi

Ogasiti akafika, akuti anthu a ku France amatseka maofesi, kumangirira katundu pagalimoto, ulendo wa kunyanja ya Mediterranean. Lero Marseille, mawa Cannes, mkuja Nice, usiku n'kumagona m'matenti pamalo olipira. Anandiuza ndi alamu anga a ku Lusaka, amene dziko lonse analiyendera pafoni. Anatinso gombe la ku Nice ndi miyala yokhayokha, koma anthu amalimbirana pogona. Ndinati ngati kutchuka n'kumeneko, nanenso ndine munthu.

Vuto n'lakuti kuno ku Chama nyanja tilibe. Tili ndi mtsinje wa Luangwa, ndipo amene amawothera dzuwa pamchenga wake ndi ng'ona. Komanso zinkandiwawa kuti boma lathu la Chama lomwe linayendapo: mu 2011 linapita kuchigawo cha Muchinga, mu 2021 n'kubwerera Kummawa, ine ndili pakhonde pomwepo. Choncho nditagulitsa mpunga ndinauza amake mwana kuti ndikupita kutchuthi. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Abambo, tchuthi chopumula ntchito iti?"

Msewu wa ku Lundazi unandiweyula mafupa. Ndinadutsa chipata cha m'malire cha Lusuntha, kutulukira pa Jenda, kukwera minibasi ya ku Mzuzu, kenako kutsetsereka mpaka Nkhata Bay, nditavala jekete ndi tayi, paja mlendo amaoneka ndi zovala. Pagombe la nyanja ndinapeza azungu atavala tinsalu tosakwana n'kupukutira mbale. Onse ankayang'ana ine.

Kummwera pang'ono, cha ku Chintheche, mchenga ndi woyera mbee. Pamalo ena ogona alendo mnyamata wa pageti anatchula mtengo wa chipinda, ine n'kutsokomola. "Bambo, ndiye tengani tenti," anatero mwaulemu. Ndinafunsa kuti m'tentimo muli chiyani. Mulibe kanthu. Magetsi? Ayi. Kuphika? Pankhuni. Chimbudzi? Uko, kuseri kwa mitengo. Ndipo zonsezi n'zolipira, ena mpaka amatulutsa madola akumwetulira.

Abale anga, umenewu si moyo wanga wa chaka chilichonse? Mpunga ukayamba kucha ndimasamukira kumunda, kugona m'chisakasa, udzudzu uli m'khutu, chitini ndi tochi zili pambali podikira njovu zochokera ku Musalangu. Palibe anandiuzapo kuti ndili patchuthi. Ndakhala mzungu zaka zonsezi osadziwa, ndiponso kwaulere.

Zosambira ndinayesa. Munthu wokulira m'chigwa cha Luangwa salowa m'madzi asanaponyemo mwala, ndiye ndinaponya, kudikira, kuponyanso. Nditalowa mpaka m'mawondo, kanthu kanandikhudza mwendo. Mmene tiana ta Chitonga tinkamaliza kuseka, ine ndinali kale pansi pa mtengo wa mango, nsapato zili m'manja. Akuti linali tsamba.

Madzulo ndinaitanitsa chambo ndi mpunga. Mpungawo unali wa Kilombero, wonunkhira ndithu, sindikana, koma mtengo wa mbale imodzi unandikumbutsa mavenda amene amabwera kwathu ndi sikelo zawo kudzagula mpunga. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadyera kumudzi, usipa ndi kondowole, nsima ya chinangwa imene imatsika pakhosi isanakufunse. Usiku kunabwera mwera. Tenti inafuna kupita ku Likoma popanda tikiti ya sitima ya Ilala, ndipo ndinachezera kuigwira mpaka mbandakucha. Mzungu wa tenti yoyandikana nayo anadzuka akuti sanagonepo bwino chonchi.

Ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear ndinangomva mayina, thumba litauma.

Tsopano ndili ndi pulani. Chaka chamawa ndikhoma chikwangwani pamsewu: malo ogona alendo, kumunda kwa ine, nyenyezi ndi njovu zaulere. Mlendo azilipira madola, azigona m'chisakasa, ine ndizigona kunyumba pa bedi. Amake mwana avomera, bola ndalama azisunga iwo. Wobwera abwere ndi chitini chake.