Ulemu kwa Bondo la Madala

Olakatula atamanda mtima, alaliki atamanda lilime lodziletsa, ndipo anyamata, monga mwa chibadwa chawo, atamanda ziwalo zina zosayenera kutchulidwa pamaso pa apongozi; koma kufikira lero sindinamvepo munthu ataimirira pagulu kuti apereke ulemu kwa bondo, chiwalo chonyozeka chimene chasenza mpira wonse wa madala m'dziko muno, mpira wa masosho uja umene umatidzutsa Lamulungu lililonse ndi kulira kwa wenzulo, belu la kutchalitchi lisanaganize n'komwe zoitana nkhosa zake.

Talingalirani ntchito imene bondo lagwira pa mbiri ya fuko lathu. Mabuku amati Malawi anatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi mu 1979, m'masiku a Kinnah Phiri, nachitenganso mu 1988. Koma wofuna mbiri yosabisa kanthu akhale pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa bwalo la sukulu, ndipo adzamva kuti bambo aliyense wamimba yotsogola amene akuvala nsapato mobuula pamenepo anatsala pang'ono kutengedwa ndi Bullets kapena Wanderers, kuti mphunzitsi wa timu anali atalemba kale dzina lawo, kuti kalata inali m'njira, ndi kuti usiku womwewo bondo linakana. Ena mwa iwo mu 1979 anali akadali kumsana kwa amayi awo, koma bondo siliwerenga zaka. Mabondo onsewa akanalola, Flames sikanakwana m'bwalo la Kamuzu Stadium, ndipo Algeria, imene tinaikwapula 3-0 ku Angola mu 2010, ikanasenza zigoli khumi. Nchifukwa chake ndikuti bondo ndi lachifundo ngakhale kwa alendo, ndiponso ndi mboni yokhulupirika koposa zonse, pakuti silinatsutsepo mwini wake.

Chozizwitsa chake chachikulu n'chakuti limadziwa masiku. Lolemba mpaka Loweruka bondoli silingagwade popemphera, silingaperekeze thumba la chimanga kuchigayo, silingakwere makwerero kukamata denga lodontha. Koma Lamulungu kukangocha, taonani, lachira. Adokotala anauza bambowa kuti magazi akuthamanga, shuga wakwera, ayenera kulimbitsa thupi. Iwo anapita kukaunjika nagula jezi ya msinkhu umene anali nawo asanakwatire, nabwerera kubwalo limene analisiya ana awo oyamba asanabadwe. Mukawafunsa za ukalamba amakukumbutsani Roger Milla wa ku Cameroon, amene anagoletsa pa World Cup ya 1994 ali ndi zaka 42, ndipo madikoni amawonjezerapo Kalebe, uja anapempha dziko lamapiri ali ndi zaka 85. Akathamanga mphindi khumi amakweza dzanja, natuluka akutsimphina mwaulemu, nakulunga bandeji. Ndipo pamenepo bondo, limene lawachotsa pa udindo wa wosewera, limawadzoza kukhala mphunzitsi wa onse. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma makolowo sanaone akuluakulu makumi awiri atazinga kamnyamata koimbira mpira chifukwa cha penate.

Za chigawo chachitatu, chimene chimaseweredwa pa kanyenya ndi botolo m'manja mpaka dzuwa kupendeka, ndingonena kuti mafuta ochepa amene thupi linakongoza bwalo m'mawa amabwezedwa madzulo ndi chiwongoladzanja cha katapila.

Musandiyese wonyoza. Madalawa amasonkha mwezi ndi mwezi, amazonda mnzawo akagonekedwa m'chipatala, ndipo pamaliro a mmodzi wa iwo amafika onse atavala jezi zawo zothina nanyamula bokosi, bondo osadandaula. Chimene chimandiwawa n'chakuti ana a mpira wachikulunga, amene mabondo awo ali bwinobwino, amathamangitsidwa pabwalo kuti akulu asewere. Ndipo bwalo lenilenilo likunka lichepa chaka ndi chaka, pakuti akuluakulu ena a m'maofesi, amene sitiwaona koma timangoona zikhomo zawo, adula mapuloti mbali zonse, kotero kuti womenya kona masiku ano amayamba wapempha chilolezo kwa mwini golosale. Chisankho chikayandikira amabwera olemekezeka ndi bonanza, jezi zolembedwa dzina lawo ndi mbuzi imodzi, nalonjeza kapinga ndi mpanda. Mavoti akawerengedwa, nawonso bondo limawagwira, sakwanitsanso kufika kuno. Amayi okha ndiwo amasewera netibolo kuseri kwa sukulu mwakachetechete, osatchula bondo, chikhalirecho ndi iwo amene anabala ma Queens odziwika kunja konse.

Tsono inu achimwene a kuseri kwa mpanda wanga, amene mukanakhala kaputeni wa Flames pakanapanda tsoka lija, sewerani ndithu, Mulungu akuwonjezereni masiku. Koma wilibala yanga, imene munabwereka kuti munyamulirepo goloboyi wanu atakomoka asanakhudze mpira, ndikuifuna isanafike nyengo yokolola.