Tchizi wa ku Borrowdale

Ndakama ng'ombe pafamu ya ku Beatrice kuno kuyambira ndevu zisanamere. Agogo anabwera ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi kuchokera ku Dedza, nawonso ankakama. Koma kukomboni kwathu mkaka timaudziwa pawiri pokha: wamutiyi ndi chambiko. Tchizi tinkangomumvera fungo kukhitchini kwa bwana.

Mwezi watha, malipiro ali m'thumba, ndinati lero ndikaone kumene thukuta langa limathera. Ndinavala jekete ya maliro, kombi mpaka mu Harare, ina mpaka ku Borrowdale.

M'sitolo imene ndinalowa munkazizira ngati kumochale. Mtsikana wogulitsa anati, "Sekuru, tikuthandizeni?" Ine maso anali pa tchizi wina wa mizere yobiriwira. Pofuna kumupulumutsa pantchito, ndinamunong'oneza kuti, "Mwanangu, bisa ameneyu bwana wako asanaone, wachita chuku."

Anaseka mpaka kugwira kauntala. Akuti dzina lake ndi Roquefort, wa mkaka wa nkhosa, ndipo amamusunga dala m'mapanga a ku France kuti chukucho chimere bwino. Nkhosa! Ine ndakalamba osadziwa kuti nkhosa ili ndi chokama. Ndinaloza wina wa mabowo n'kufunsa ngati ali ndi mphaka. Akuti ameneyo ndi Emmental wa ku Switzerland, mabowo ndi a mpweya, makoswe alibe mlandu. Anawonjeza kuti kilo imodzi ya tchizi imadya malita pafupifupi 10 a mkaka. Apa ndiye ndinagwedeza mutu mwaukatswiri, poti malita ndi gawo langa.

Kulawa kunali kwaulere, tizidutswa tobaya ndi kamtengo kotokosera m'mano. Ndinalawa kasanu ndi kawiri, nkhomaliro n'kukwana. Manyazi ndiwo anandigulitsa kachidutswa ka wachuku uja, kochepa ngati sopo wotsala kubafa, pamtengo wa nkhuku yamoyo.

Pobwerera, tisanafike pamlatho wa Manyame, mayi wina anayang'ana thewera la mwana wake kawiri. Kondakitala analamula kuti aliyense amene wavula nsapato avale. Ine ndinathandiza nawo kudandaula.

Kunyumba mayi a ana anafutukula pepala, n'kununkhiza, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Abambo, munagula kapena munatola?"

Madzulo omwewo anamupereka kwa ana kuti akatchere madiwa kumunda wa chimanga. Kutacha anabwera ndi mbewa zitatu. Ziwiri ndinadya ndine, monga mwini mpamba.